Lero Sindinamuzembe Tisa

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kwazizira, koma mtima wanga wapepukako.

Sabata ino yonse, masana aliwonse, ine ndi mwana wanga Tisa tikumapita kwa mlangizi wa ana kuchipatala. Ndinkaopa kuti mwina ndine ndamuwononga. Chichotsedwere ntchito bambo ake kufakitale n'kupita ku Lusaka, salola kuti ndimusiye. Iwo anachoka m'mamawa iye ali m'tulo, monga timachitira tonse kuti mwana asalire. Nanenso ndakhala ndikumuzemba pageti la sukulu, ndikumunamiza kuti ndikukagula maswiti.

Dzulo nditayamba kufotokoza zambiri, mlangiziyo, Ba Mweemba, anaseka. "Amake Tisa, lekani kulalikira. Uyu saopa sukulu, aopa kuti mukasowa simubwela. Musamuzembe, mutsazikeni."

Lero ndayesa. Ndinagwada pageti n'kunena kuti, "Tisa, ndaona kuti ukuopa. Ndikupita, ndibwera belu lowerukira likalira." Mawu ena onse ndinawameza. Analira kwambiri, mpaka mayi wogulitsa vitumbuwa anandikalipira: "Imwe, mwamuuzilanji? Sembe mwangothawa chabe!" Ndinayenda osacheuka.

Belu litalira Tisa anandipeza nditabwerera, ndili pageti pomwepo. Anagwira chitenje changa, nati, "Mami, mwabwela zoona."

Bambo ake abwera Loweruka, adzanyamukanso Lolemba m'mamawa. Ndiwapempha kuti ulendo uno adzamudzutse n'kumutsazika, ngakhale alire bwanji. Tisa ndamuona lero kuti angapirire. Koma bambo akewo, kaya adzalimba mtima...