Ndinataya Kafulashi ka Bambo, Mlandu Wagwera Mnzawo

Aphungu,

Ndinafuna kuchita zabwino koma ndaononga, ndipo mtima wanga sukukhazikika. Bambo anga amasoka mabaji a mayunifolomu pa makina oyendera kompyuta. Kompyuta yawo inali yakalekale, yoti ukaiyatsa umayamba wamwa tiyi isanadzuke. Atagonekedwa m'chipatala mwezi watha, ndinati akatuluke apeze yatsopano. Ndinagula zipangizo n'kupempha mnzawo wokonza makompyuta, amene timangomutcha amalume, kuti andimangire.

Ndisanapereke yakale ija kwa amalume kuti asamutsire zonse m'yatsopano, ndinaipukuta fumbi. Kumbuyo kwake kunali kafulashi kakuda, kokutidwa ndi ulusi. Nditakayesa pa laputopu yanga sikanaonetse kalikonse, ndiye ndinakataya limodzi ndi zidutswa za nsalu. Zinyalalazo zinatengedwa mawa lake.

Aphungu, si kameneko kanali kiyi wa pulogalamu yosokera! Bambo atatuluka anasangalala, koma pulogalamuyo inangolemba kuti makinawa sikuwadziwa, tilowetse kiyi. Mabaji onse amene anajambula zaka khumi ndi ziwiri akuoneka, koma sakutseguka. Tinaimbira kampani yake, akuti tiwapatse nambala yolembedwa pa kiyiyo kapena lisiti.

Bambo akuti amalume ndiwo anaba kuti akagulitse. Ine ndinali pomwepo akuwakalipira, koma sindinaulule kuti ndinataya ndine. Sabata yatha amalume anabwera ndi tifulashi tonse ta m'shopu mwawo m'jumbo kuti bambo afufuze okha. Bambo sanatuluke n'komwe, anangoti, "Auze kuti ndagona." Anthuwa anadziwana ine ndisanabadwe.

Ndikuopa kuulula chifukwa bambo ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Wina akuti angandiikire pulogalamu yakuba nkhani ithe. Nditani?

T.N.

Zikomo a T.N.,

Kutaya kafulashi sinali nkhanza. Opanga mapulogalamuwa nawonso amatopetsa, munthu wagula chinthu ndi thukuta lake koma akangosintha makina ayambenso kudzifotokoza ngati wakuba. Pamenepo ndikukumverani chisoni. Koma kukhala chete munthu wosalakwa akutchedwa mbava, apo pokha ndiye mwalakwa, ndipo mukulakwabe tsiku lililonse.

Yambani ndi amalume, lero lomwe. Pitani kushopu kwawo, musatumize uthenga wa pafoni. Akakukalipirani pirirani, n'zoyenera. Kenako uzani bambo atadya ndiponso atamwa mankhwala, mayi kapena wachibale wamkulu ali pomwepo. Musazungulire, ingonenani kuti ndinu munataya poganiza kuti n'chakufa. Za magazizo funsani adokotala ngati mukuda nkhawa, koma musabisale kumbuyo kwa matenda. Mukuganiza kuti mkwiyo umene akusungira mnzawowu ukuwatsitsa magazi?

Tsono za pulogalamu. Munthu amene wasunga kompyuta imodzi zaka khumi ndi ziwiri sataya mapepala. Fufuzani m'madirowa, m'katoni ya makina osokera ndi m'makalata akale a pa intaneti. Lisiti likasowa, nambala ya makinawo ndi dzina la sitolo imene anagulako zingathandize. Lemberani kampaniyo kalata yofotokoza kuti kiyi anatayika, mufunse ngati angatseke wakaleyo n'kukupatsani wina. Ena amatero, ena amakana, sindikulonjezani. Musanachite chilichonse, koperani mabaji onse pamalo awiri. Ndipo amene angakuyendetseni bwino pa zonsezi ndi amalume omwewo, ngati angalole.

Pulogalamu yakubayo ikaneni. Imabwera ndi mavairasi, ndipo mungataye ndi mabaji omwe, mutaonjezanso bodza lina pa loyamba.

Chenjezo langa ndi ili: musadikire kuti kampani iyankhe kaye. Mabaji akatayika bambo anu adzajambulanso, manja ali nawo. Koma amalume anafika pakhomo ndi jumbo lija kamodzi, ndipo sindikhulupirira kuti adzabweranso kachiwiri ngati simukawatenga ndinu.

Aphungu