Mahedifoni Osanama

Lolemba, 4 Ogasiti

Manyazi lero. Nyimbo ya gulu la a Wamtali ndakhala ndikuisakaniza pakompyuta sabata yonse, pamasipika am'chipinda mwanga imamveka bwino. Achimwene aiika m'galimoto mwawo: besi yokhayokha, guuu guuu, mawu a woimba omira. "Mlongo, iyi ndi nyimbo kapena chigayo?" Ndaseka nawo, koma mkatimu kuwawa. A wailesi akuifuna Loweruka.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Kusitolo ya zoimbira. Wogulitsa wandiveka mahedifoni ofiira, onyezimira. Chilichonse chokoma m'menemo, ngakhale nyimbo yanga yoipa ija. Vuto lake n'lomwelo. Ine ndikufuna ondiuza zoona, osati ondinyengerera. Mitundu isanu ndayesa, nyimbo imodzimodzi. Ndatenga akuda, osaoneka bwino, ophimba khutu lonse koma osafinya mutu. Iye amvekere, "Amayi, amenewotu sasangalatsa." Eya, ndi omwewo.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Kani ndinali gonthi! Ndi mahedifoni atsopanowa, zonse za m'nyimbomo zikumveka. Mpando ukulira kwii. Woimba akumeza malovu. Gitala kumanzere yapondereza anzake onse. Besi ndatsitsa, mawu ndawakokera kutsogolo. Voliyumu pansipansi, ola likakwana kuvula, makutu apume. Thukuta m'makutu, koma mtima mbee.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Vesi yachiwiri ikatha, pali kampata ka masekondi anayi. Pamasipika, zii. M'mahedifoni muli kunong'ona, kwalowera pa maiki ya ng'oma. A Wamtali eniake, kuuza wa gitala: "Nyimboyi ikangotuluka, ndiwafunsira asisi osakanizawa. Ndatopa n'kuopa."

Ndabwereza kasanu ndi kawiri. Kufuna kutsimikiza kuti si phokoso chabe, eti. Munthu yemwe akabwera kuno amangoti "zikomo asisi" maso ali pansapato! Ine zaka makumi anayi, ana awiri kusekondale, kumwetulira kompyuta ngati wopepera.

Ntchito sinayende masana onse.

Loweruka, 9 Ogasiti

Dzulo ndinamaliza. Kunong'ona kuja ndinadula, n'kukusunga padera. Ndayesa pafoni, pakawailesi kakukhitchini, m'galimoto: ponseponse mawu ali poyera.

M'mawa a Wamtali abwera kudzatenga nyimbo. Ndawakhazika pampando, ndawaveka mahedifoni. Satana uja wandilowa: ndawaikira yosadula. Ndati pali kaphokoso pena, amve okha, andiuze ngati ndichotse.

Vesi yachiwiri yatha. Maso tong'o. Dzanja pakamwa. Chimunthu chachitali chonsecho kufuna kulowa pansi pa tebulo. Avula mahedifoni pang'onopang'ono, awapukuta ndi malaya ngati awadetsa. "Kuwailesi chotsani, asisi. Koma kwa inuyo musachotse."

Ndaseka mpaka misozi. Ndati nyimbo ituluke kaye, si mmene ananenera okha?

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Yaimbidwa pawailesi masana ano, kawiri! Isanathe n'komwe, foni ya a Wamtali. Akubwera folo koloko. Tsitsi silinapesedwe, diresi yabuluu ija kaya ikundikwanabe, ndipo wina akugogoda kale pa...