Mpando wa Amayi Uli Pamsewu

Wokondedwa mlongo wanga Emrys,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu anga a Noelene ndi ana kumeneko ku Perth. Kodi bondo lija linapola? Kuno tilipo, mvula ndiye sikupuma. Bambo akudzukabe okha, kungoti chifuwa chimawavuta m'mawa.

Msewu wathu uja sungauzindikire. Ukukumbukira tili ana, galimoto zinali ziwiri zokha, ya abusa ndi kavani ka bambo kogulitsira nsomba? Tinkamenya mpira kuyambira pakhomo mpaka kutchalitchi, iwe uli pagolo, n'kumalira ndikakuchinya. Amayi ankatulutsa mpando wawo wobiriwira wa kukhitchini, n'kukhala pakhomo kumasenda mbatata uku akutikalipira. Masiku amenewo ndimawasowa kwambiri.

Chitsegulireni siteshoni ya sitima kumunsi kuja, anthu ogwira ntchito ku Cardiff amasiya galimoto zawo pamakomo pathu m'mamawa, n'kudzazitenga madzulo. Eni nyumbafe timasungira malo ndi mabini a zinyalala. Bambo nawo amaika mpando wa malemu amayi uja pamsewu tsiku lililonse, chonsecho vani anagulitsa kalekale. Ndinkangoti ndi ukalamba.

Zaka zitatu zapitazo khonsolo inalonjeza ziphaso, kuti oimika galimoto mumsewu muno akhale eni nyumba okha. Mpaka lero kuli zii. Pakamwa panga umapadziwa, ndiye anansi anandisankha kuti nditsogolere madandaulo. Mkulu wina wa tayi yofiira kukhonsoloko amangoti nkhani ili m'manja mwa komiti. Ndinamufunsa ngati komitiyo ili ndi manja n'komwe.

Amene akuzunzika kwenikweni ndi mayi Pugh a pa nambala 9, aja ankatipatsa makeke otentha tikamachokera kusukulu. Namwino wodzawasambitsa amazungulirazungulira kufuna poimika mpaka nthawi yake kutha. Sabata yatha anabwerera kawiri osawasambitsa. Mayi aukhondo ngati aja, ndinawapeza akulira ndi manyazi.

Mwezi watha mkulu wa tayi uja, atatopa nane, anaulula kuti pali munthu mmodzi wa mumsewu mwathu yemwe amalemba kalata yokana ziphasozo. Akalemba, nkhani imabwerera ku komiti, ndipo komitiyo imakhala pansi mwa apo ndi apo. Zachitika katatu. Dzina anakana kutchula.

Nditawauza anansi, panali moto. A Gethin Probert analumbira kuti akamugwira amulowetsa m'bini chamutu, Lachinayi otola zinyalala adzamutenge. Ine ndiye ndinakuwa kuposa onse, ndinati munthu ameneyo ndi mfiti yopanda chisoni.

Emrys, mfitiyo ndi bambo athu.

Lolemba ndikufunafuna magalasi awo m'dirowa, ndinapeza kalata yachinayi, yolembedwa ndi dzanja lawo. Nditawafunsa sanakane. Anati awerenga bwinobwino mapepala a khonsolo, ndipo akuti aliyense wosakhala mumsewu muno azidzapachika pagalimoto kakhadi kolembedwa kuti mlendo, ka maola awiri. Anati Emrys anabadwira m'chipinda cham'mwambamu, mzamba anachita kukwera masitepe awa, ndiye palibe wa tayi amene angamutche mlendo pakhomo pa mayi ake, n'kumuwerengera maola.

Ndinawauza kuti bambo, Emrys ali kutsidya kwa dziko, alibe galimoto kuno. Anandiyang'ana ngati ndine wopepera, n'kunena kuti iweyo ukadzatsika ndege udzabwereka galimoto, nanga udzaiimika pati? Anati unawalonjeza pamaliro a amayi kuti ubwera Khirisimasi yotsatira. Papita zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ndi mpando uja amasungira iwe malo.

Ndinapsa mtima, kenako ndinakalirira kubafa kuti asandione.

Tsopano imva tchimo langa. Miyendo yawo siifikanso kubokosi la makalata, ndiye anandipatsa ine kalatayo kuti ndikaponye, ndipo ndinavomera. Ili m'chikwama changa masiku asanu tsopano. Dzulo ndinamwa nayo tiyi kwa mayi Pugh, iwo akundiyamikira kuti ndine ndekha wowamenyera nkhondo.

Khonsolo itseka kulandira makalata pa 28 mwezi wamawa. Ndikaponya, mayi Pugh adikiranso chaka. Ndikapanda kuponya, ndawanamiza bambo, ndipo iwo amandifunsa tsiku lililonse.

Sindikukuimba mlandu, ndikudziwa ulendowo ndi wautali. Koma nkhaniyi ingathe ndi iwe wekha. Uwaimbire foni, osati zonena za nyengo ndi mpira zija. Ngati ukubwera, uwauze tsiku, ndipo uwauze kuti kakhadiko ulibe nako vuto. Ngati sukubwera, uwauzenso ndi pakamwa pako, alowetse mpando m'nyumba. Ine mawu amenewo andikanika.

Undiperekere moni kwa alamu ndi ana, uwauze kuti azakhali awo akadali olongolola. Mulungu akusungeni nonse. Pamene ndikulemba pano mvula yayambanso, ndipo ndikuwaona bambo pawindo atuluka ndi thaulo kukapukuta mpando uja.

Ndine mlongo wako,
Glenys