Chala cha Kwathu

Msongwe, Mzuzu

Wokondedwa mng'ono wanga Mabel,

Uli bwanji kumeneko ndi alamu anga? Nanga amayi, mwendo uja unasiya kupweteka? Ife kuno tilipo, kungoti kuzizira kwa Mzuzu sindinakuzolowerebe.

Khala pansi kaye, chifukwa zimene ndikuuzezi ine zandiimitsa mutu.

Ukudziwa kuti mwana wanga Joel anabadwa kabowo kokodzera kali kunsi, osati kunsonga. Mwezi watha thupi linatenthanso, kulira pokodza, malungo osapezeka. Kuchipatala anatitumiza kwa dokotala wa ana, mayi wina wofatsa. M'malo molemba mankhwala, iye anagwira kadzanja ka mwana n'kumakatembenuza. Kenaka anati ndimuonetse manja anga, ndivulenso nsapato. Ine manyazi, sokosi yake yobooka!

Ndinaseka n'kumuuza kuti chimenecho ndi chala cha kwathu, chidindo cha malemu bambo: chala chachikulu chachifupi, kudzanja ndi kuphazi komwe. Ndinachita kunyadira pofotokoza kuti kwathu mwana akabadwa timathamangira kufunyulula nsalu, tikaona kachala kakafupi basi nthungululu, uyu ndi wathuwathu.

Iye sanaseke. Anandifunsa ngati pali wina wa chala chotere amene amavutika ndi chikhodzodzo, kapena amene amapita padera.

Ndinatchula iwe, ndi maulendo atatu aja unapita padera.

Anandiuza kuti ndi matenda akumtundu, osowa kwambiri. Chimene chimafupikitsa chala ndi chomwecho chimasokoneza njira ya mkodzo, ndipo akazi ena chiberekero chimakhala chogawikana pakati, mwana n'kusowa malo okulira. Atitenga magazi kuti akayezedwe kunja, koma akuti zizindikiro zikuonekeratu. Joel adzamuchita opaleshoni akakulako. Ine anandiunika, chiberekero changa chili bwinobwino.

Ndinatuluka m'chipatala ngati woledzera. Wakabaza anachita kundifunsa kawiri m'Chitumbuka kuti mama mukuluta nkhu, kutanthauza kuti mukupita kuti, ine maso ali pa chala changa.

Zaka zonsezi takhala tikuimbira nthungululu chinthu chimene chimakuliza iwe! Ndipo mlandu tinausenzetsa azakhali a Queen, mlongo wawo wa bambo, ati anakumanga mimba chifukwa cha nsanje poti iwo alibe mwana. Mpaka lero amayi sawalankhula, ngakhale pamaliro amakhalirana kutali.

Amayi andiuza pafoni kuti uli ndi pakati pa miyezi itatu, ndipo akufuna kukutengera kwa sing'anga kuti akamasule. Chonde mng'ono wanga, usapite. Kwera basi ubwere kuno sabata inoyi. Dokotala wavomera kukuunika, ndipo akuti akadziwa mmene chiberekero chako chilili angathe kukuyang'anira mwapafupi. Sanalonjeze kanthu, ndisakunamize. Koma ulendo uno tisadikire mwezi wachisanu uja umapitira padera tili manja lende. Ine ndili ndi mantha, ndipo ndikufuna mwana ameneyu ndidzamunyamule. Udzandipeza ndikukudikira padepoti. Usaiwale juzi.

Amayi uwawerengere kalatayi pang'onopang'ono, usawadzidzimutse.

Mulungu akusunge, iwe ndi amene wanyamulayo. Upereke moni kwa alamu ndi onse pakhomo. Ndipo usananyamuke udutse kwa azakhali, ukagwade, ukawauze kuti Flora akuti moni. Akakupatsa dzanja, ukayang'ane chala chawo.

Ndine mkulu wako,
Flora