Mchombo wa Rabecca

Lolemba, 5 Malichi 2007

Kalata yafika. Mwana wanga Rabecca amusankha m'timu ya tenesi ya chilumba cha Isle of Wight, mu Juni apita ku Rhodes kumasewera a zilumba zing'onozing'ono. Lamulo lawo n'losavuta: ukhale wobadwira pachilumba cha timu yakoyo. Bambo ake wa ku Likoma, mwana wa pachilumba, chodabwitsa n'chiyani? Ndauza madalaivala anzanga onse kudepoti ya mabasi, ngakhale amene sanandifunse.

Lachitatu, 7 Malichi

Helen, woyang'anira timu, akufuna satifiketi yobadwira pofika Lachisanu la sabata yamawa, apo ayi malo apatsa wina. Mkazi wanga Mildred wangondiyang'ana n'kunyamuka ulendo wa kuntchito kuchipatala. Ndamumva. Pepalalo likuti Southampton, mzinda wa kumtunda, osati Isle of Wight. Tinkakhala pachilumbapo, iye ali nesi, koma pakati patavuta anamuwolotsa paboti, mwana n'kubadwira kumtunda. Masiku asanu ndi anayi okha, tinabwerera. Rabecca sitinamuuzepo, ndipo fomu ya timu ndinalemba ndine.

Lachinayi, 8 Malichi

Rabecca waliwerenga pepalalo.

“Dad, you told me I was born on the island.”

Chakudya wasiya, kubwalo la tenesi sanapite. Zandipweteka kwambiri, koma ine sindinaname. Ndamufotokozera kuti mchombo wake utagwa ndinaukwirira ndekha pachilumbapo, kuseri kwa nyumba ya manesi, patsinde pa mtengo wa maapozi, monga bambo anga anakwiririra wanga ku Likoma. Wakwera kuchipinda kwake.

Loweruka, 10 Malichi

Ndaimbira Helen. Akuti lamulo limalola ngati mayi ankakhala pachilumba n'kubwererako msanga atachira, bola umboni. Umboni? Ndagwetsa masutikesi onse mpaka ndachipeza chithunzi chija: ine m'jasi, nditagwada, ndikukumba dothi lozizira ndi supuni. Anajambula ndi Mildred yemweyo, uku akung'ung'udza kuti n'zachikunja. Deti lili kumbuyo.

Ndamuonetsa Rabecca, wachiyang'ana nthawi yaitali. Mildred akuti azungu adzangoona mwamuna akuwononga supuni. Tiona.

Lachiwiri, 13 Malichi

Ndatumiza fotokope ya chithunzi ndi kalata ya masamba atatu yofotokoza mwambo wonse. Ndisanamate envulopu Mildred wakankhiramo khadi la kusikelo, lachikasu ndi ukalamba. Ndamulola kuti asadandaule.

Lachinayi, 15 Malichi

Kwa Helen kuli zii. Rabecca wabwerera kubwalo, akumenya mpira ngati wamulakwira. Ndikudziwa kuti akumenya ine.

Lachisanu, 16 Malichi

Helen waimba masana. Rabecca ali m'timu. Chawakhutiritsa ndi khadi lija, zidindo za kiliniki ya pachilumba kuyambira mwana ali ndi masabata awiri. Za chithunzi changa wangofunsa mwaulemu ngati ndikadalimabe maluwa. Mildred waseka mpaka kukhala pansi m'khitchini. Ndinachita manyazi, sindibisa.

Ndiye ndimati ndibwezere chithunzicho m'sutikesi, osachipeza patebulo. Ndafunafuna m'nyumba monse. Rabecca atakuwa ali m'bafa kuti ndimuikire chikwama cha maraketi omenyera mpira m'galimoto, zipi ya kathumba kam'mbali inali yotsegula. Chithunzicho chili mmenemo, wachikutira m'kapulasitiki, pambali pa kalata ya timu.

Ndatseka zipi, ndanyamula chikwama.