Pepala Limene Alamu Sakulidziwa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi akazi anu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa, kapena akukanabe kupita kuchipatala? Ine m'thupi ndili bwino, kupatula chimfine cha m'chipinda chozizira chomwe sichindisiya. Koma mumtima muli moto, n'chifukwa chake ndalembera inu osati amayi. Ndapatsira dalaivala wa lole uja, akuti afika kumeneko Lachinayi.

Nkhani ndi ya alamu athu, amuna a achemwali, omwe aja mumawatamanda kuti anandipezera ntchito kuno. Kuntchito anzathu amawatcha a Phuma, eni ake sadziwa.

Ndikufotokozereni kaye ntchito yanga, poti inu mumangouza anthu kuti mlongo wanu amasewera ndi makompyuta. Tili ndi chipinda chozizira, chopanda zenera, chodzaza makabati achitsulo. M'makabatimo muli makina aakulu, ndipo m'kati mwa makina amodzi timapangamo makompyuta ongoyerekeza ambirimbiri, osagwirika ndi manja koma ogwira ntchito ngati enieni. Timawabwereketsa kwa masukulu, mashopu ndi zipatala. Madisiki awo, mosungira zonse zimene alemba, sali momwemo. Ali m'kabati ina kumapeto kwa chipinda, ndipo pakati pake pamadutsa zingwe.

Nthawi zina njira imeneyi imaduka kwa mphindi zochepa, mwina chingwe chakhwefuka, mwina kabati yosungirayo yatsamwa. Si imfa ayi, ndi chizungulire chabe. Chaka chatha ndinakonza zoti zikatero, kompyuta iliyonse izingoima chilili itagwirizira zimene imafuna kulemba, ngati munthu wosenza ndowa amene wapeza chitseko chotseka. Ukakonza njira n'kuiuza kuti ipitirize, imalowa n'kutula, osataya ngakhale dontho. Koma ukaizimitsa ili chiimire, zonse zimakhutukira pansi. Ndinalemba ndi zilembo zazikulu n'kumata pakhoma, pamwamba penipeni pa desiki ya alamu, kuti zikaima musazimitse, konzani njira kaye.

Lachiwiri la sabata yatha, cha m'ma teni koloko m'mawa, wa magetsi pokoka waya wake anagwedeza chingwe china, makompyuta makumi awiri n'kuima. Ine ndinathamangira m'chipinda chozizira, n'kugwada kuseri kwa kabati tochi ili pakamwa, kutsata zingwe chimodzichimodzi. Sizikanatenga mphindi khumi. Koma kuofesi mafoni anali kulira, bwana wathu wamkazi ataima kumbuyo kwa alamu, ndiye alamu anafuna kuoneka kuti akuchitapo kanthu. Anazimitsa onse makumi awiri n'kuyesa kuwayatsanso. Pomwe ndimabwezera chingwe m'malo mwake, zinali zitatayika kale.

Ambiri anadzuka bwinobwino. Koma disiki ya kachipatala kena inawonongeka, moti tinachita kubwezeretsa zimene tinasunga dzulo lake. Zotsatira za magazi za m'mawa umenewo zinapita. Anthu makumi anayi anaitanidwanso kuti akabayidwe kachiwiri, ena okalamba, ena amayi oyembekezera. Namwino wa kumeneko anandilalatira pafoni mpaka khutu kutentha, ine n'kumangopepesa.

Masana omwewo alamu analowa kwa bwana n'kutseka chitseko. Anakanena kuti zoimitsa makompyuta ndinaziika ndekha popanda chilolezo, ndiponso kuti amene anazimitsa ndine ndemwe, chifukwa cha mantha. Mawa lake bwana anandilanda khadi lolowera m'chipinda chija. Panopa anandikhazika pafupi ndi chimbudzi, ntchito yanga n'kuyankha mafoni a anthu oiwala mawu achinsinsi. Lolemba likubwerali kuli msonkhano woweruza nkhaniyi, ndipo mukudziwa kuti chikalata changa chokhalira m'dziko lino chinamangiriridwa pa ntchitoyi. Ikatha, ndikwera basi ndi dzina loti wowononga, ndipo palibe amene adzandilembenso.

Alamu anandipeza pamakwerero n'kundiuza motsitsa mawu kuti ndingovomera, poti ine ndine mwana andikhululukira, pomwe iwo ali ndi ana atatu. Anandikumbutsanso amene anandibweretsa kuno. Achimwene, ndakhala ndikukumbutsidwa zimenezi kwa zaka zinayi. Ndinagona miyezi isanu ndi itatu pakati pa makatoni m'chipinda chawo chosungira katundu. Ndinawatsukira galimoto Loweruka lililonse, ndinawalembera malipoti omwe ankakawerenga m'misonkhano ngati awo, kuchita kukhosomola poyamba ngati munthu wophunzira. Zonsezo ndinameza. Koma dzina langa sindinawapatse, ndipo sindiwapatsa.

Chimene iwo sakudziwa ndi ichi. Makina amalemba chilichonse chimene munthu wawalamula, dzina lake ndi nthawi yomwe. Alamu zimenezo amazidziwa, ndipo anafufuta zonse tsiku lomwelo. Koma pansi pa shelefu ya kuofesi pali kakompyuta kakale komwe ndinakakonza kuti kazikopera mzere uliwonse nthawi yomweyo. Iwo ankakaseka kuti n'kongodya magetsi. Lachinayi la sabata yomweyo pa nthawi ya nkhomaliro, anthu onse atatuluka, ndinasindikiza. Dzina lawo likuoneka kamakumi awiri, mzere ndi mzere, ndipo pansi pake pali mzere wina wosonyeza kuti ndi iwo anafufuta. Ndinapezanso uthenga wanga wa chaka chatha wopempha chilolezo, ndi yankho lawo la liwu limodzi, loti chabwino. Sanauwerenge n'komwe, ndikuwadziwa.

Inu munena kuti ndingopereka pepalalo kwa bwana mwakachetechete, poti mumakonda mtendere ngati malemu bambo. Ndinaganizapo. Bwana akanawaitana, iwo akanati anasokonezeka, akanapepesa, n'kuthera pomwepo. Koma pepani sapoletsa chilonda. Ndikufuna aimirire pamaso pa anthu asanu oweruza nkhaniyi, atavala tayi yawo yofiira, anene bodza lawo lonse mpaka kumapeto, kenako asayine. Ndidzawafunsa mwaulemu ngati pali china chimene aiwala. Akadzati palibe, ndidzatulutsa makope asanu ndi limodzi, lomalizalo ndidzaika m'manja mwawo. Mulungu andikhululukire, ndimaganiza zimenezi ndikutsuka mano m'mawa ndipo ndimamva kukoma.

Dzulo masana achemwali anabwera kuchipinda kwanga ali ndi wamng'ono uja kumsana. Anandisitira bulauzi yoti ndidzavale kumsonkhano, kenako anakhala pabedi, pamwamba penipeni pa envelopu ya mapepala aja, poti ndinaibisa kunsi kwa matiresi. Analankhula nthawi yaitali za sukulu ya ana, za nyumba ya kampani imene akukhalamo, za manyazi a mwamuna pamaso pa anzake. Sanandifunse ngakhale kamodzi ngati ndinalakwadi. Pamenepo ndinazindikira kuti akudziwa zonse. Pomaliza anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Iwe ulibe ana, ukagwa ugwa wekha."

Ndinayankha kuti ndamva. Ndinawaperekeza mpaka pokwerera basi, mwana ndinamugulira nthochi, ndipo pobwerera ndinalira njira yonse, ogulitsa m'mbali mwa msewu n'kumandiyang'ana. Akanandiuza kuti amuna anga akulakwira koma tichitire chifundo, mwina ndikanafewa. Mwina pepalalo ndikanakalipereka kuseri. Koma munthu amene ndinkagona naye bulangeti limodzi wandiyeza pa sikelo n'kundipeza wopepuka, ndiye basi, zipite momwe zipitire.

Sindikunamizani kuti sindikudziwa chotsatira. Kuzimitsa makina molakwitsa amakhululuka, aliyense amalakwitsa. Koma kufufuta zolemba za makina n'kunamizira mnzako, kuno amakuchotsa tsiku lomwelo, ndipo nyumba ya kampani amakupatsa mwezi umodzi kuti utulukemo. Alamu mwina atsalira m'tauni muno kwa anzawo a mowa. Achemwali ndi ana alibe kwina kolowera koma kwathu kumeneko.

Choncho pempho langa ndi limodzi. Chipinda changa chakale chija mutulutsemo matumba ndi njinga yakufa ija, mukonze chitseko, mumate padenga pomwe pamadontha. Chikwane munthu wamkulu mmodzi ndi ana atatu. Amayi akafunsa, muwauze kuti mukukonzera ine. Sadzadabwa, poti ndamva kuti alamu anawaimbira kale kuti mwana wawo wachititsa manyazi banja. Zoona zake mudzawauze Lolemba madzulo, osati m'mawa, chifukwa mukudziwa kuti amayi sasunga nkhani foni ili m'manja. Ndipo mudzakhale nawo pafupi, mudzawawerengere kalatayi yonse osadumpha pena.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa akazi anu ndi ana, kwa azakhali ndi kwa amalume ngati makutu awo akumvabe. Mayi awo a alamu mukakumana nawo muwapatsenso moni wanga, iwo sanandilakwire kanthu. Achemwali akadzafika, musawatchulire dzina langa mpaka atalitchula okha, ngakhale patapita zaka. Koma pabedi mudzayale bulangeti langa lolemera lija, amazizidwa msanga.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
wotsiriza kubadwa