Zala Zanu pa Khoma la Kumvuma

Amayi, kaya mukukhala bwanji uko munapitako?

Kuno ku Likoswe tilipo. Nandolo munasiya mutabzala uja tinakolola, anabereka ndithu. Kalongonda ndinayesa kuphika kamodzi, sanapse ngati wanu, sindinabwerezenso. Mkazi wa achimwene Wilisoni anachira, mwana wamwamuna. Anthu akuti watenga mphuno yanu. Ndinamunyamula, ndinavomera nawo, koma kunena zoona sindinaone kanthu.

Titameta, amalume anati nyumba yanu igwetsedwe monga ankachitira makolo. A kutchalitchi anati palibe chifukwa. Ine sindinatsutse aliyense. Ndinangotenga mphasa ndi mdzukulu wanu Nelia n'kulowamo. Bambo ake akadali ku Halale, ndipo makalata anasiya kubwera.

Mukukumbuka khoma la kumvuma lija munamata nokha chilimwe chomaliza? Zala zanu zinatsalira padothi, mizere inayiinayi, umodzi wokhota chifukwa cha chala chija munachiphwanya ndi munsi. M'mawa uliwonse ndinkaika dzanja langa m'mizeremo. Sindinkapemphera, sindinkalira. Ndinkangoika, kenako n'kunyamula khasu.

Nyengo yozizira khomalo linang'aluka. Chiswe chinali chitadya nsichi za mkati, ndipo udzu wa pamwamba pake unali utawola. Mawu anu ndinkawamva bwinobwino: "Elube, khoma likayamba kuseka uzilitseka pakamwa tsiku lomwelo, usadikire lionetse mano." Koma kumata kunali kufafaniza zala zanu. Ndinangolichirikiza ndi mphanda kunja. Anzanga akupita kudambo kukamweta udzu, ine ndinakhala pakhonde.

Achimwene atabwera kuchokera ku Limbe analowetsa dzanja mumng'alumo mpaka m'chigongono.

"Achemwali, ichi chikupherani mwana. Gwetsani."

Ndinati ndamva. Kenako anayamba kundisimbira za kuntchito kwawo. Akuti sitolo ya mmwenye wina itapsa, kampani ina inammangira yatsopano, chifukwa iye ankaperekeratu kenakake chaka ndi chaka moto usanabwere. Akuti dzina lake ndi inshuwalansi. Ndinafunsa ngati amabweza khoma lomwelo.

"Ayi, amamanga lina. Komanso za udzu ngati zathuzi sazilemba. Ife tikangodzigonera, yatha."

Anabwerera Lamulungu madzulo. Ine sindinagwetse.

Lachiwiri la sabata yatha mvula inayamba m'mawa osakata. Masana Nelia anagona patsinde pa khomalo, chifukwa ndi pamene amandiona ndikukhala. Ine ndinali pakhonde ndikusenda chinangwa. Ndinamva ngati ng'ombe yagwa m'nyumba. Nditalowa ndinaona kunja kudzera pamene panali khoma, ndipo mwana anali m'dothi kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi, maso ali tong'o, osalira. Ndinafukula ndi manja. Sindinakuwe, Amayi. Anansi anabwera chifukwa cha phokoso la khoma, osati langa.

Mwendo wakumanzere unathyoka. Anamunyamula pamachira kupita kuchipatala, anakamumanga ndi timatabwa. Akuti adzayenda, koma mwina motsimphina. Ali ndi zaka zinayi.

Palibe amene wandikalipira. Amalume anangoyang'ana mphanda ija ili pansi n'kupita. Bwenzi zili bwino mukanakhalapo inu n'kundilalatira monga munkachitira ndikapsereza ndiwo, mwina bwenzi ndikumva kanthu. Ndikudziwa kuti ndine ndinathyola mwendowo. Ndimadziuza zimenezi ndikamatunga madzi, ndikamasinja, koma mumtima muli zii.

Amuna a kutchalitchi anabwera ndi nsichi ndi luzi, aliyense atasolola mtolo pa udzu wake. Anaimika, anafolera. Chotsala cha khoma lakale ndinagwetsa ndekha ndi khasu. Chibuma chimodzi chinagwa chathunthu, mizere yanu inayi ili bwinobwino, wokhota uja uli pakati. Ndinachinyamula, ndinaima nacho kanthawi. Nelia anali gone pamphasa pansi pa mtengo wa mango akundiyang'ana.

"Amayi, chimenecho ndi chimene chinandigwera?"

Ndinati ee. Ndinachiika m'dzenje pamodzi ndi zinzake, ndinathira madzi, ndinachiponda ndi mapazi mpaka chinasanduka matope. Matope omwewo ndi amene ndamatira khoma latsopanoli. Ndalisalaza ndi chikhatho, sindinasiye mzere ngakhale umodzi.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale masiku ano chikondicho sindikuchimva, ndikungodziwa kuti chilipo. Ndikulonjeza kuti udzu ndidzamweta chaka chilichonse, ndipo mdzukulu wanu sadzagonanso pansi pa chinthu chimene ine ndikuopa kuchikhudza. Akadzakula n'kufunsa chifukwa chake amatsimphina, sindidzanamizira mvula.

Ndine mwana wanu,
Elube